Thanthwe la pa Mosi-oa-Tunya Likamakwera: Mafunso ndi Mayankho pa Mmene Ubongo Umaganizira

Mlendo amene wafika ku Livingstone, m'dziko la Zambia, mu Ogasiti kapena Seputembala, pamene utsi wa madzi wachepa ndipo mathithi akuoneka bwino, angathe kuyesa kanthu kena kosalira ngakhale ngwee imodzi. Aime chapafupi ndi mlatho wa Knife-Edge, apenyetsetse malo amodzi pamene madzi a Zambezi akugwa, osasuntha maso kwa masekondi 40 kapena 60. Akatero atembenukire ku thanthwe louma la pambali. Thanthwelo liyamba kukwawira m'mwamba pang'onopang'ono, chonsecho silinasunthe ndi pang'ono pomwe.

Maso ake alibe vuto, ndipo sikuti wachita chizungulire. Wangoupezerera ubongo wake uli pakati pa masamu amene umachita usana ndi usiku mwini wake osadziwa. Mzinda wa Livingstone ndi wodzaza ndi zitsanzo zotere: utawaleza wotuluka usiku, achinyamata odumpha pa mlatho atamangidwa chingwe m'miyendo, ogulitsa ziboliboli olankhula zinenero zinayi, njovu zodula msewu. Mafunso ali m'munsiwa akutsata zitsanzo zimenezi pofuna kuona mmene timaselo tosaoneka ndi maso timabalira kuona, kukumbukira, mantha ndi nzeru.

Kodi m'mutu mwa munthu muli chiyani kwenikweni?

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 400, ndipo ndi wofewa ngati peyala lakupsa. M'kati mwake muli maselo otumiza mauthenga otchedwa manyuroni, okwana pafupifupi mabiliyoni 86. Chiwerengerochi chinalengezedwa mu 2009 ndi gulu la Suzana Herculano-Houzel, katswiri wa ku Brazil, limene linasungunula ubongo wa anthu omwalira kukhala ngati phala la madzimadzi n'kuwerenga maselo a m'madontho ake. Munthu atati aziwerenga nyuroni imodzi pa sekondi iliyonse, osadya osagona, pangathe zaka zoposa 2,700 asanamalize.

Nyuroni imaoneka ngati mtengo. Ili ndi nthambi zambirimbiri zolandirira mauthenga, thunthu pamene mauthengawo amasonkhana, ndi muzu umodzi wotumizira yankho kwa inzake. Mizu ina imathera pompo, pamene ina imachokera kumsana mpaka ku chala cha kuphazi, mtunda wa mita yathunthu.

Amene anaona bwino maonekedwe amenewa anali Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain. Akatswiri ambiri a nthawi yake ankati ubongo ndi ukonde umodzi wolukana wopanda poduka. Iye anaonetsa kuti nyuroni iliyonse ili payokha, imangoyandikana ndi inzake osaphatikizana nayo. Analandira mphoto ya Nobel mu 1906, patangotha chaka chimodzi chitsegulireni mlatho wa njanji wa pa Victoria Falls, dzina lina la mathithi a Mosi-oa-Tunya.

Nanga nyuroni imalankhula bwanji ndi inzake?

Imalankhula ndi magetsi komanso ndi mankhwala. Kunja kwa nyuroni kuli madzi okhala ndi sodiyamu wambiri, yemwe uja wa mumchere wothira m'ndiwo, pamene m'kati mwake muli potaziyamu wambiri, wopezekanso m'nthochi ndi m'nyemba. Pa khungu la nyuroni pali tizitseko ting'onoting'ono. Ta sodiyamu tikatseguka, sodiyamuyo amakhamukira m'kati, magetsi a selolo n'kulumpha. Nthawi yomweyo ta potaziyamu timatseguka, zinthu n'kubwerera mwakale. Zonsezi zimatha m'gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo kulumphako kumatsegula tizitseko toyandikana nato, uthenga n'kumathamanga ngati moto m'udzu wouma. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley ndiwo anafotokoza zimenezi ndi masamu mu 1952, atayeza mtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid ku Plymouth, ku England.

Kugunda kulikonse kwa nyuroni n'kofanana ndi kunzake, palibe kwakukulu kapena kwakung'ono. Kusiyana kwa ntchentche yotera pa dzanja ndi khasu logwera pa phazi kuli pa kuchuluka kwa kugundako, nthawi yake, ndi manyuroni amene agunda. Zili ngati ng'oma: chikopa ndi chimodzi, koma wovina amadziwa gule ndi kalilidwe kake.

Liwiro lake nalo limasiyana. Mitsempha yokutidwa ndi mafuta otchedwa myelin imayendetsa uthenga mamita 100 kapena kuposa pa sekondi, pafupifupi kutalika kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene ndi mamita 108. Yosakutidwa imauyendetsa mita imodzi yokha pa sekondi. N'chifukwa chake munthu akapunthwa pa mwala amayamba wamva kulasa, kuwawa konyeka kuja n'kufika pambuyo.

Uthenga ukafika kumapeto kwa muzu umapeza kampata kotchedwa sinapisi. Nyuroni imalavulira timadontho ta mankhwala m'kampatako, timene timaoloka n'kukatsegula tizitseko ta nyuroni inayo. Nyuroni imodzi ya pa khungwa la ubongo, gawo lamakwinya la pamwamba lija, imakhala ndi masinapisi masauzande angapo.

Zimenezitu zikungomveka ngati mawaya. Masamu akubwera pati?

Nyuroni singolandira n'kupatsira ngati mnyamata wotumidwa. Imaweruza. Ili ngati mfumu pa bwalo la milandu, itazunguliridwa ndi anthu masauzande olankhula nthawi imodzi. Ena akuti "gunda," ndipo mankhwala awo kawirikawiri ndi glutamate. Ena akuti "khala chete," ndipo awo ndi GABA. Mawu a onsewa salemera mofanana, pajatu nduna yakale ikalankhula kamodzi imaposa anyamata khumi. Mfumu ija imaphatikiza onse ovomera, kuchotsapo okana, ndipo zotsalazo zikapyola mlingo wake imagunda. Zikapanda kufika imangokhala duu.

Kuphatikiza, kuchotsera ndi kuyerekeza ndi mlingo, masamu ake ndi omwewo. Mu 1943 Warren McCulloch ndi Walter Pitts ku Chicago anaonetsa pa pepala kuti tinthu tochita zochepa chonchi tingathe kutsata mfundo zovuta tikalumikizidwa. Nyuroni yogunda pokhapokha ziwiri zitaiuza pamodzi ikunena kuti "ichi ndi icho." Yogunda ngakhale imodzi yokha itaiuza ikunena kuti "ichi kapena icho." Yotsekedwa pakamwa ndi inzake ikunena kuti "ichi koma osati icho."

Mu 1959 David Hubel ndi Torsten Wiesel anapeza mu ubongo wa mphaka manyuroni ogunda pokhapokha diso litaona mzere wopendekera mbali ina yake. Mzere woimirira uli ndi alonda ake, wogona uli ndi ake. Manyuroni a patsogolo pawo amaphatikiza mizere kukhala ngodya ndi zokhota, ena n'kuphatikiza zimenezo kukhala khutu, mnyanga ndi chitamba, mpaka gulu lina ligunde kuti "njovu!" ndipo dalaivala wa pa msewu wa Mosi-oa-Tunya n'kuponda buleki. Nyuroni yoyamba ija sinadziwe kanthu za njovu, monganso chiswe chimodzi sichidziwa maonekedwe a chulu chimene chikumanga nawo.

Tsono thanthwe lija limakwera chifukwa chiyani?

Chakumbuyo kwa ubongo kuli manyuroni amene ntchito yawo ndi kulondera kayendedwe ka zinthu. Ena amagunda chinthu chikamatsika, ena chikamakwera, ena chikamapita kumanzere kapena kumanja. Ubongo sufunsa gulu limodzi lokha. Umaika magulu otsutsana pa sikelo, ndipo onse akamagunda mofanana chigamulo chimakhala chakuti chinthucho chaima.

Munthu akapenyetsetsa madzi akugwa, manyuroni olondera kutsika amagunda mosalekeza mpaka amazolowera n'kuchepetsa mphamvu. Maso akasamukira pa thanthwe, gulu limeneli limakhala litatsikira pansi pa mlingo wake wa masiku onse, pamene gulu lolondera kukwera lili mwakale. Sikelo imapendekera mbali imodzi, ubongo n'kugamula kuti thanthwe likukwera. Pakapita masekondi angapo gulu lija limatsitsimuka, thanthwe n'kuima.

Robert Addams analemba za chodabwitsachi mu 1834 atachiona pa mathithi a Foyers ku Scotland. Mu 1963 Horace Barlow ndi Richard Hill anayeza manyuroni a m'diso la kalulu n'kuona kufooka kumeneku kukuchitikadi. Mu 1990 gulu la William Newsome ku Stanford linapita patsogolo: linathira magetsi pang'ono pa kagulu ka manyuroni olondera mbali imodzi mu ubongo wa nyani, ndipo nyaniyo anayamba kusankha kawirikawiri kuti timadontho timene ankationa tikulowera mbali yomweyo. Madokotala a ku Munich nawo analemba mu 1983 za mayi wina amene dera la manyuroni olondera kayendedwewa linawonongeka mbali zonse ziwiri. Akamathira tiyi ankamuona ataundana m'malere, kapu n'kusefukira iye osazindikira.

Ndiye kuti zimene munthu amaona si chithunzi chongolowa m'maso. Ndi chigamulo chimene manyuroni afikapo atawerengera.

Bwanji utawaleza wa usiku umaoneka wotuwa ndi maso, koma pa kamera umatuluka ndi mitundu yonse?

Mwezi ukakhala wathunthu m'miyezi ya madzi ambiri, anthu amapita ku mbali ya mathithi yotchedwa Eastern Cataract usiku kukaona utawaleza wopangidwa ndi kuwala kwa mwezi. Mitundu yake imakhalapo yonse, koma diso limalephera kuiwerengera. Kumbuyo kwa diso kuli maselo olandira kuwala a mitundu iwiri. Oyamba, oposa mamiliyoni 90, amamva ngakhale kuwala kochepetsetsa koma onse ndi a mtundu umodzi. Achiwiri ndi mamiliyoni ochepa chabe, amafuna kuwala kokwanira, ndipo ali m'magulu atatu omva mafunde a kuwala osiyanasiyana. Kufiira kapena kubiriwira kumene munthu amaona kumachokera pa kuyerekeza magulu atatuwa. Usiku magulu atatuwa amakhala pafupifupi chete, choncho palibe choyerekeza, utawaleza n'kuoneka ngati uta wa utsi. Kamera imasonkhanitsa kuwala kwa masekondi angapo, n'chifukwa chake imaigwira mitundu ija.

Diso lenilenilo limayamba kale masamu lisanatumize kanthu. Maselo olandira kuwala ndi pafupifupi mamiliyoni 100, koma mtsempha wopita ku ubongo uli ndi tizingwe topitirira pang'ono miliyoni imodzi. Diso limasankha zofunika, makamaka malire a zinthu ndi zimene zasintha, n'kusiya zina zonse.

Kodi dalaivala wa takisi amasunga kuti njira za mzinda wonse?

Dalaivala wozolowera akachoka pa bwalo la ndege la Harry Mwaanga Nkumbula kupita ku Maramba, n'kupeza msewu watsekedwa, amadziwa podulira ngakhale sanadutsepo motero. M'mutu mwake muli mapu. Mu 1971 John O'Keefe ku London anapeza m'gawo la ubongo lotchedwa hippocampus manyuroni ogunda pokhapokha khoswe akafika pa malo ena ake. Mu 2005 May-Britt Moser ndi Edvard Moser ku Norway anapeza ena ogunda pa mitunda yofanana, ngati zikhomo za woyeza malo. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Mapuwo amakula ndi ntchito. Madalaivala a takisi ku London amaloweza misewu pafupifupi 25,000 asanapatsidwe chilolezo, ndipo mu 2000 Eleanor Maguire anapeza kuti mbali ya kumbuyo ya hippocampus yawo inali yaikulu kuposa ya anthu ena, makamaka kwa amene ayendetsa zaka zambiri.

Kuphunzira ndi kusintha kwa kulemera kwa mawu pa bwalo la mfumu lija. Donald Hebb ananena mu 1949 kuti nyuroni ikamathandiza inzake kugunda mobwerezabwereza, sinapisi ya pakati pawo imalimba, ndipo mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anaonetsa zimenezi zikuchitika mu hippocampus ya kalulu. Njira yopita ku chitsime imayera chifukwa choipondaponda, ndipo ikasiyidwa imamera udzu. Tulo nato tili ndi gawo lake: mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaona kuti khoswe akagona, manyuroni amene ankagunda pamodzi masana amagundanso pamodzi. Wophunzira amene amachezera usiku wonse mayeso ali mawa amaumana ubongo wake nthawi yokhomerera zimene wawerenga.

Kufunika kwa hippocampus kunaoneka pa Henry Molaison wa ku America, amene mu 1953 anachotsedwa mbali yaikulu ya hippocampus zonse ziwiri pofuna kuchepetsa khunyu. Kuyambira pamenepo sankasunganso zatsopano. Brenda Milner, amene anamuyeza kwa zaka zambiri, ankachita kudzitchula dzina nthawi iliyonse akakumana. Komabe dzanja la Molaison linaphunzira kujambula nyenyezi akuyang'ana pa galasi, iye osakumbukira kuti anayesapo. Kukumbukira kwa zochitika ndi luso la manja zimayenda m'njira zosiyana.

Nanga wogulitsa ziboliboli pa Mukuni Park amatha bwanji kusinthasintha zinenero osasokoneza?

M'mawa umodzi wogulitsa wotere angathe kupatsa moni mnzake m'Chitonga, kuseka ndi wina m'Chilozi, kutsutsana mtengo m'Chinyanja, n'kukopa mlendo m'Chingerezi. Zinenerozi sizikhala m'mabokosi osiyana. Zimagwiritsa ntchito madera amodzimodzi, amene kwa anthu ambiri ali mbali ya kumanzere kwa ubongo. Paul Broca anaonetsa mu 1861 kuti dera lina la kutsogolo likawonongeka munthu amamva koma mawu satuluka, ndipo Carl Wernicke anapeza mu 1874 dera lina limene likawonongeka mawu amatuluka ambiri koma opanda mutu. Wolankhula zinenero zambiri akaona chosema cha mvuu, mayina ake onse amadzuka nthawi imodzi, ndipo mbali ya kutsogolo ya ubongo imatontholetsa osafunikawo malinga ndi amene waima patsogolo pake.

Ubongo sudikiranso kuti chiganizo chithe, umalosera. Mawu akuti "mtengo" amatanthauza chimene chibolibolicho chasemedwa nacho, amatanthauzanso ndalama zake. Kusiyana kwake kuli pa kakwezedwe ka mawu, ndipo m'phokoso la pa msika kakwezedweko kangathe kutayika. Koma wogula akagwira chikwama n'kufunsa, wogulitsa salakwitsa, chifukwa manyuroni a tanthauzo limodzi anali atakonzekera kale kugunda.

Luso limeneli limayamba msanga. Janet Werker ndi Richard Tees anaonetsa mu 1984 kuti khanda la miyezi 6 mpaka 8 limasiyanitsa mawu a zinenero zimene silinamvepo, koma pofika miyezi 12 limakhala litakhazikika pa mawu amene limamva pakhomo. Mayi wolankhula ndi mwana wa kumsana akuumba masinapisi ake.

Kodi chimachitika n'chiyani mu ubongo wa munthu amene akufuna kudumpha pa mlatho?

Pakati pa mlatho wa 1905 uja, anthu amadziponya mamita 111 atamangidwa chingwe chotamuka. Wodumphayo akangoima pa nsonga, timagawo tiwiri tonga mtedza totchedwa amygdala timalandira uthenga wa maso n'kudzutsa thupi lonse. Mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, m'kamwa n'kuuma gwaa. Kuseri kwa chipumi kuli manyuroni ena amene akusunga mfundo yakuti chingwe chayezedwa ndipo ena adumpha kale. Magulu awiriwa amakokana, ndipo lopambana ndilo limalamula miyendo. Dera la kuseri kwa chipumili limachedwa kukhwima, limamaliza munthu atapitirira zaka 20, n'chifukwa chake wachinyamata amasowa womugwira dzanja pa zisankho zina.

Ngakhale ululu umadutsa pa bwalo la milandu. David Livingstone, amene mzindawu unatengera dzina lake ndipo makalata ake akusungidwa ku Livingstone Museum, anagwidwa ndi mkango ku Mabotsa mu 1844. Mkangowo unamuphwanya fupa la mkono wamanzere, koma iye anadzalemba kuti pa nthawiyo sanamve ululu kapena mantha, ngakhale ankadziwa zonse zimene zinkachitika. Patapita zaka zoposa 100, mu 1969, David Reynolds anaonetsa kuti kuthira magetsi pa kadera kena ka m'kati mwa ubongo wa khoswe kumatseka ululu mpaka kumuchita opaleshoni. Mu 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz ku Aberdeen, m'dziko la kwawo kwa Livingstone, anapeza mankhwala oletsa ululu amene ubongo umapanga wokha. Pa ngozi yaikulu ubongo umatumiza lamulo kumsana loti mauthenga a ululu ayambe adikira.

Njovu ili ndi ubongo waukulu kuposa wa munthu. Bwanji sinamange mlatho ndi iyo?

Ubongo wa njovu ya ku Africa umalemera makilogalamu oposa anayi, ndipo gulu la Herculano-Houzel linapeza mu 2014 kuti uli ndi manyuroni mabiliyoni 257, kuwirikiza katatu a munthu. Koma oposa 97 mwa 100 aliwonse ali m'kaubongo ka kunkhongo, kamene kamayendetsa thupi mwadongosolo, ntchito yaikulu kwa nyama yokhala ndi chitamba chotha kuzula mtengo komanso kutola chipatso chimodzi. Pa khungwa la ubongo njovu ili ndi mabiliyoni 5.6, pamene munthu ali ndi mabiliyoni 16. Chofunika si kukula kokha, komanso pamene manyuroniwo ali ndi mmene alumikizirana.

Ku Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, kuli chifanizo cha chibade chimene anthu okumba mgodi anapeza ku Kabwe mu 1921. Chenichenicho chili ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Kafukufuku wa mu 2020 anaonetsa kuti mwini wake anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 300,000 zapitazo, ndipo malo a ubongo m'chibadecho sachepa kwenikweni poyerekeza ndi a anthu a lero. Desmond Clark, amene anatsogolera nyumbayi mpaka 1961, ndiye anayamba kukumba pa mathithi a Kalambo mu 1953. Pamalo omwewo gulu la Larry Barham linalengeza mu 2023 za mitengo iwiri yopingasana, wina wosemedwa mphako yoti ukhale pa unzake, ya zaka 476,000. Amene anaisema anaona kaye m'mutu chinthu chimene kunalibe, kenako n'kuchipanga. Limeneli ndilo luso la ubongo wotha kusunga chithunzi, kuchitembenuza ndi kukonza masitepe ake dzanja lisanagwire nkhwangwa ya mwala.

Kodi ubongo ndi kompyuta basi?

Zimafanana pakuti zonse zimawerengera, ndipo nzeru zopangira makompyuta ophunzira okha zinabwerekedwa ku ubongo. Foni imene imatseguka ikaona nkhope ya mwini wake imagwiritsa ntchito manyuroni a masamu ophatikiza mauthenga olemera mosiyana, ofanana ndi a McCulloch ndi Pitts aja. John Hopfield ndi Geoffrey Hinton analandira mphoto ya Nobel mu 2024 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Kusiyana kwake nako n'kwakukulu. Kompyuta ili ndi posungira padera ndi powerengera padera, pamene mu ubongo sinapisi yomweyo ndiyo nkhokwe, ndiyonso chowerengera. Nyuroni ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi kompyuta, koma mabiliyoni amagwira ntchito nthawi imodzi. Ubongo wonse umadya mphamvu ya mawati pafupifupi 20, ngati babu laling'ono, ngakhale kuti imeneyo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse za thupi lopuma. Ndipo uli m'thupi lamoyo: njala, tulo, mantha ndi chikondi zimasintha masamu ake.

Ntchito yojambula mawaya ake onse ikadali kutali. Gulu la Sydney Brenner, wobadwira ku Germiston ku South Africa, linamaliza mu 1986 mapu a kanyongolotsi ka manyuroni 302. Mapu a ubongo wa kantchentche ka pa zipatso, ka manyuroni pafupifupi 140,000, anatuluka mu 2024.

Nanga masamu amenewa akasokonekera chimachitika n'chiyani?

Khunyu ndicho chitsanzo choonekeratu. Ovomera ndi okana aja akasiya kulingana, manyuroni ambiri amagunda pamodzi mosaletseka, ngati bwalo lonse likukuwa nthawi imodzi, munthu n'kugwa. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi mamiliyoni 50 padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo mpaka 70 mwa 100 aliwonse angasiye kugwa atalandira mankhwala oyenera. Ku chipatala cha Chikankata, m'chigawo chomwechi cha kummwera, Gretchen Birbeck ndi anzake a ku Zambia akhala akugwira ntchito ndi odwala khunyu kuyambira m'ma 1990, ndipo anaona kuti kusalidwa kumawapweteka ngati matenda enieniwo. Ena amapsa pa moto anthu akuopa kuwakhudza. Zoyambitsa zake ndi monga kuvulala mutu, mavuto a pobadwa, malungo, ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, amene akaswa tinyongolotsi take timakakhazikika mu ubongo.

Malungo si achilendo m'mbiri ya mzindawu. Mudzi woyamba wa Old Drift, m'mphepete mwa Zambezi, unasiyidwa chifukwa cha malungo, anthu n'kusamukira pamtunda pamene pali Livingstone lero. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Terrie Taylor ndi Karl Seydel linajambula ndi makina a MRI ana 168 odwala malungo a mu ubongo. Zotsatira za mu 2015 zinaonetsa kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Ubongo ukatupa m'chibade chosatamuka umapanikiza dera loyendetsa kupuma.

Ku Kabwe komwe kunachokera chibade chija, mgodi unatsekedwa mu 1994 koma fumbi la mtovu wake likadali m'nthaka. Mtovu umenewu umalowa m'malo mwa kashiamu pa masinapisi, n'kusokoneza kuphunzira kwa ana.

Tsono munthu wamba achitepo chiyani?

Zambiri zoteteza ubongo zili m'manja mwa mabanja. Mchere wa ayodini, chakudya chokwanira kwa mayi woyembekezera ndi kwa mwana m'zaka ziwiri zoyamba, kuchilira kuchipatala, kugona m'masikito, kusamba m'manja, kuphika nyama ya nkhumba mpaka kupsa, ndi kuvala helemeti pa njinga yamoto, zonsezi zimasunga manyuroni amene ambiri mwa iwo akafa sabwereranso. Akuluakulu aziyezetsa kuthamanga kwa magazi, chifukwa ndiko kumabweretsa sitiroko kawirikawiri. Kuyambira mu 2018 dziko la Zambia likuphunzitsa madokotala akeake a ubongo ndi mitsempha pa University Teaching Hospital ku Lusaka, choncho thandizo likuyandikira kuposa kale.

Wina akagwa khunyu pa msika wa Maramba kapena m'kalasi ku Dambwa, omuzungulira amuchotse pafupi ndi moto kapena madzi, amuikire chofewa kumutu, amugoneke chammbali, ndipo asamuike supuni, chala kapena madzi m'kamwa. Thovu lake silipatsira matenda. Kugwako kukapitirira mphindi zisanu athamangire naye kuchipatala. Chimodzimodzi munthu amene pakamwa papotoka mwadzidzidzi, mkono wafooka kapena mawu asokonekera, ndiponso mwana wotentha thupi amene wayamba kukomoka: asadikire kuti kuche, apite naye ku chipatala chachikulu cha Livingstone kapena chilichonse chapafupi usiku womwewo.